Kupatsa n'kuika: za ukalamba m'midzi ya ku Tete

Anganga anga, amene anabereka amayi, sadziwa chaka chimene anabadwa. Chaka chimene chili pa BI yawo, chiphaso cha unzika, mlembi anachita kuyerekeza atawayang'ana kumaso ndi kuwafunsa mafunso awiri atatu. Mukawafunsa kuti, "Anganga, muli ndi zaka zingati?" amayamba kuwerenga zina. Amati pamene amuna a m'mudzi ankagwidwa chibalo iwo n'kuti atangotha msinkhu. Pothawira nkhondo ku Dedza anali ndi ana asanu, wachisanuyo ali kumsana. Pobwerako anapeza mitengo itamera m'kati mwa nyumba. Umo ndi mmene iwo amawerengera zaka: zimene adutsamo, ndi anthu amene awasenza.

Boma limawerenga mwina. Lamulo nambala 3 la chaka cha 2014, loteteza ufulu wa okalamba m'dziko la Mozambique, limati wokalamba ndi aliyense amene wakwanitsa zaka 60. Mudzi nawo uli ndi kawerengedwe kake. Mayi wa zaka 45 amene ali kale ndi zidzukulu ndi agogo, ndipo pa chinamwali amakhala kumbali ya akuluakulu. Bambo wa zaka 70 amene akupalasabe njinga atamangirira thumba la kachewere kupita nalo ku Ulónguè, anthu amangoti, "Akadali olimba aja." Chinenero chathu chili ndi mawu awiri amene amaoneka ngati ofanana koma sali: mkulu ndi nkhalamba. Mkulu amamuyalira mphasa, akatsokomola pabwalo anthu amakhala chete. Nkhalamba ndi amene khasu lamukana. Anthu amwayi amakhala zonse ziwiri nthawi imodzi. Ena amakalamba osakhala akulu. Chimene chimasiyanitsa magulu awiriwa ndicho akatswiri a kakhalidwe ka anthu amafufuza akamaphunzira za ukalamba, poti imvi ndi nyamakazi zimabwera zokha, koma kuti munthu akalambe akudya kapena akugona ndi njala, akulemekezedwa kapena akulozedwa chala, zimenezo amakonza ndi anthu.

Okalamba kwathu kuno ndi ochepa. Kalembera wa 2017 anapeza anthu pafupifupi 28 miliyoni m'dziko lonse, opitirira 2.6 miliyoni mwa iwo ali m'chigawo cha Tete. Pa anthu 100 alionse, a zaka 65 kupita m'tsogolo anali atatu okha, pamene osakwana zaka 15 anatsala pang'ono kukwana theka. N'chifukwa chake pa misonkhano ya chitukuko nkhani imakhala ya sukulu, sikelo ya ana ndi ntchito za achinyamata, za agogo n'kudikira 1 Okutobala, tsiku lokumbukira okalamba. Palinso chinthu chimodzi chimene chimasokoneza anthu. Akamva kuti kalembera yemweyo anapeza kuti munthu wa kuno amayembekezeka kukhala ndi moyo zaka pafupifupi 54, amayesa kuti tonse timafa tisanakalambe. Nambala imeneyo imatsitsidwa ndi imfa za makanda ndi za achinyamata. Amene wafika pa 60 kawirikawiri amakhala ndi zaka zina zoposa 10 m'tsogolo mwake, ndipo zaka zimenezo zimafuna nsima, bulangete ndi munthu womutungira madzi.

Makolo athu analibe penshoni, koma anali ndi dongosolo, ndipo analinena poyera m'miyambi. Kupatsa n'kuika. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Munthu ankaika mwa ana, mwa adzukulu, mwa ana a alongo ake, kuti mphamvu zikadzatha adzatape. Sankadalira chifundo chokha ayi. Akuluakulu anali atagwira zinthu zimene wachinyamata sakanatha kukhala popanda izo. Munda ankagawa ndi iwo. Ukwati popanda ankhoswe sunali ukwati. Mtsikana ankakulira m'kuka mwa agogo ake n'kulangidwa ndi anamkungwi, mnyamata ankalowa kudambwe m'manja mwa akuluakulu a gule. Mvula ikavuta, odziwa kothira nsembe anali iwo. Choncho ponena kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ankanena za anthu amene analidi ndi mphamvu yozimitsa motowo.

Dongosololi silinkakomera onse mofanana, ndipo apa mpofunika kuima pang'ono. Pakati pa Achewa a ku Macanga, Chifunde ndi mbali zina za Angónia, mtundu umatsata kwa mayi. Mwamuna amakalowa chikamwini, munda ndi wa bele la mkazi, ana ndi a mbumba ya atsibweni awo. Mayi wokalamba m'mudzi wotere amakhala pakati pa ana ake aakazi, nkhokwe yake amamanga ndi akamwini, mbale za ndiwo zimachokera m'makomo atatu kapena anayi. Koma taganizirani za mwamuna wake. Wakhala pamudzipo zaka 40, wabzala mango amene adzukulu akudya, komabe ndi mkamwini. Mkazi akatsogola, pali midzi ina kumene amayamba kumufunsa mwaulemu kuti, "Kodi kwanu akudziwa kuti muli kuno?" Amabwerera kwa alongo ake, amene mwina anamwalira kale, kukapeza adzukulu osamudziwa. Kwa Angoni a Maseko, amene anakhazikika cha ku phiri la Domwe cha m'ma 1870, mwambo unkakokera kwa bambo, mkazi n'kupita chitengwa. Kumeneko wosowa pogwira amakhala mayi wamasiye, makamaka ngati sanabereke mwana wamwamuna kapena ngati alamu ake auyang'ana kale munda. Lero miyambo iwiriyi inasakanikirana kwambiri, moti m'mudzi umodzi mumapezeka zonse. Koma funso limakhala lomwelo: pamene wakhalapo ndi pa dothi la ndani?

Azungu nawo anayesa kufotokoza za ukalamba. Mu 1961, Elaine Cumming ndi William Henry a ku America ananena kuti munthu akamakalamba amadzipatula pang'onopang'ono, anthu nawo n'kumamumasula pa maudindo, ndipo zimenezi zimakomera mbali zonse. Ganizo limeneli linatsutsidwa kwawo komweko, ndipo kuno silingayende n'komwe. Ndani anapumapo pa khasu chifukwa chakuti wakwanitsa zaka? Anthu amalima mpaka msana utakana, msana ukakana amakhala pansi n'kumatong'ola chimanga. Lina ndi la Donald Cowgill ndi Lowell Holmes, la mu 1972, lakuti sukulu, matauni, ndalama ndi makina zikamachuluka, ulemu wa okalamba umatsika chifukwa nzeru zawo zimasiya kugwira ntchito. Ili lili ndi pake. Mlimi wa fodya ku Furancungo amamvera mlangizi wa kampani imene yamukongoza feteleza, osati agogo ake. Mnyamata wodziwa kukonza mafoni pamsika wa Lizulu safunika kudikira kuti atsibweni amugawire munda kuti akwatire. Tsabola wakale sawawa, amatero anyamata.

Koma ganizoli likafika pakamwa pathu limasanduka mawu amodzi aja: ana a masiku ano alibe mtima. Ine mawu amenewa sindiwavomereza msanga. Isabella Aboderin, atafufuza m'mabanja a mumzinda wa Accra ku Ghana, anapeza kuti ana sanaiwale udindo wawo kwa makolo, koma kuti ndalama zikachepa munthu amayamba wadyetsa mkazi ndi ana ake, makolo n'kulandira zotsala, ndiponso kuti ana anayamba kuyeza mmene kholo linawalerera asanalithandize. Zimenezi ndimaziona. Mnyamata wa kwathu amene ndi mlonda mumzinda wa Tete, akuchita lendi kachipinda ku Matundo kapena ku Chingodzi, ali ndi ana atatu a pasukulu. Mwezi ukatha amatumiza 300 metikali pa M-Pesa kapena e-Mola, mwezi wina amalephera, ndipo amazimitsa foni chifukwa cha manyazi. Kumudzi amayi ake alibe foni, uthenga wa ndalama umabwera m'Chipwitikizi, ndiye ndalamayo imafikira kwa mdzukulu amene amakatapa n'kuchotsapo yake ya njinga. Mtima ulipo. M'manja ndi mmene mulibe.

Kuti timvetse okalamba a lero ku Tete, tiyenera kuyenda nawo njira imene anadzera, chifukwa ukalamba wa munthu umaphikidwa akadali wamphamvu. Tengani mayi wobadwa cha m'ma 1945. Ubwana wake unali wa nthawi ya atsamunda, pamene mwana wa munthu wakuda, makamaka wamkazi, sankapita patali ndi sukulu. Chibalo chinathetsedwa pa pepala mu 1961, koma amuna ambiri n'kuti atazolowera kale ulendo wa ku mafamu a ku Rhodesia ndi ku migodi ya ku Joni. Mu 1968 nkhondo yomenyera ufulu inayaka ku Tete, Apwitikizi n'kumasonkhanitsa anthu m'midzi ya mpanda, ndipo pa 16 Disembala 1972 asilikali awo anapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu. Ufulu unabwera mu 1975, mayiyu ali ndi zaka 30. Asanapume bwino, nkhondo ina inayamba. Cha m'ma 1986 midzi yambiri ya ku Angónia ndi Tsangano inatsala mabwinja, anthu ataolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu. Dziko la Malawi linasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu n'kuyamba kubwerera m'zaka ziwiri zotsatira.

Tawerengani zaka zimenezo. Msinkhu umene munthu amamanga nyumba ya malata, kuchulukitsa ng'ombe ndi kuphunzitsa ana, mbadwo umenewu unathera pamzere wolandira ufa ndi nandolo. Ng'ombe, zimene ku Angónia zinali nkhokwe ya ukalamba, zinapita ndi nkhondo. Anabwerera ali ndi zaka pafupifupi 50 kudzayambanso ndi khasu limodzi. Akatswiri amati kusowa kumaunjikana: amene sanaphunzire sapeza ntchito yolembedwa, wopanda ntchito yolembedwa sasonkha ku INSS, bungwe la boma la penshoni ya ogwira ntchito, wosasonkha alibe penshoni, ndipo akakalowa mu ofesi kumene akulankhula Chipwitikizi chokha amafuna mwana womulankhulira. Amayi ndi amene izi zinawaunjikira kwambiri, komanso ndi iwo amene amakhalitsa, ambiri ali amasiye.

Kenako panabwera matenda aja. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, Edzi inadula anthu a pakati, a zaka 20 mpaka 45, omwe aja makolo anaikamo chuma chawo chonse. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kufalikira m'zipatala za boma cha m'ma 2004, ambiri atapita kale. Panabadwa mtundu wa banja umene kale unali wosowa: agogo ndi adzukulu okhaokha, pakati palibe munthu. Anganga anga anaika m'manda ana awiri m'zaka zitatu, n'kutsala ndi adzukulu anayi, wamng'ono asanasiye kuyamwa. Ndimakumbukira akuphika phala la mgaiwa mbandakucha, akulithira nsinjiro, akumwetsa khandalo ndi chala. Dzuwa likatuluka ankapita kuganyu m'munda mwa munthu wa msinkhu wa mwana wawo, kuti apeze ndalama ya makope. Lero mankhwala alipo, koma adzukulu sanachoke kwa agogo. Mayi akapita kukagwira ntchito ya m'nyumba kutauni, kapena banja likatha, kapena bambo akalowera ku South Africa, ana amakatulidwa kumudzi. Timakonda kulankhula za okalamba ngati katundu amene tasenza. Mutalowa khomo ndi khomo ku Domwe kapena ku Tsangano n'kufunsa kuti akuphikira ana ano ndani, mudzapeza kuti m'makomo ambiri wosenzayo ndi agogo.

Dothi ndi chuma chomaliza chimene wokalamba wa kumudzi amagwira. Lamulo la malo la 1997 linachita bwino pamenepa: limavomereza kuti amene akukhala pamalo motsata mwambo ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo ngakhale alibe pepala, ndipo umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi umalandiridwa. Ndiye kuti nkhalamba imene imakumbukira kuti malire anadzera pa chulu chija mpaka pa mtengo wa msuku ili ndi mawu ngakhale pamaso pa boma. Koma onani zimene zimachitika anthu akasamutsidwa. Mu 2009 ndi 2010, mabanja opitirira 1,300 a ku Moatize anachotsedwa kuti kampani ya Vale ikumbe malasha, ambiri n'kupititsidwa ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Wachinyamata akhoza kuyambanso pena. Wokalamba amataya zonse pakamodzi: dimba la m'mbali mwa mtsinje limene ankalidziwa ngati chikhatho chake, mitengo ya mankhwala, manda a makolo, ndi ukulu womwe, poti kumalo kwatsopano iye ndi mdzukulu wake onse ndi alendo. Ngakhale kumene kulibe migodi, ku Angónia anthu achuluka, minda ikuchepa, ndipo munda wa agogo umayamba kuyang'anidwa eni ake akadali moyo.

Apa ndi pamene nkhani ya ufiti imalowera, ndipo ndilankhula mosabisa. Sindikufuna kukangana ndi munthu za chimene amakhulupirira. Ndingopempha kuti tiyang'ane amene amalozedwa chala. Kawirikawiri ndi mayi, wamasiye, wosauka, wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, amene ana ake anamwalira kapena ali kutali. Bambo wokalamba amene amalandira penshoni ya omenyera ufulu, kapena amene ali ndi chigayo ndi ana aamuna asanu pakhomo, sindinamuonepo akukokeredwa pabwalo. Mlanduwu umatsata kufooka. Umabuka mwana akamwalira mwadzidzidzi, fodya akakanika, mnyamata akasowa ntchito, kapena pakakhala munda woti wina alowemo. Zizindikiro zimene anthu amatchula ndi za ukalamba ndi umphawi basi. Maso ofiira ndi utsi wa nkhuni wa zaka 60. Kulankhula yekha ndi kusowa wocheza naye.

M'mudzi woyandikana ndi wathu, agogo ena anapezeka mbandakucha panjira ya kumanda, chitenje chitagwa, akuitana dzina la mwana wawo amene anamwalira kalekale. Anthu anasonkhana, anyamata atatola kale miyala. Atawafunsa ngati amauluka usiku, anavomera. Akanavomeranso china chilichonse, chifukwa sankadziwa n'komwe kuti ali kuti. Anawapulumutsa ndi mdzukulu wawo wamkazi, amene anavula nsalu yake n'kuwafunditsa, nagwada pamaso pa a mfumu: "Wawa, agogowa mutu unasokonekera chaka chatha. Ngakhale ine amanditchula dzina la amayi anga. Dzulo anathira mchere m'madzi akumwa. Ndiloleni ndipite nawo." Matenda amenewa achipatala amawadziwa. Ubongo umafooka, munthu amaiwala njira ya kwawo, amasokoneza usiku ndi usana, amaona akufa ngati amoyo. M'Chichewa tilibe dzina lake lokhazikika, timangoti abwerera ku umwana, ndipo pamene dzina likusowa mawu akuti mfiti amafulumira kukhalapo. Mu 1969 dokotala wa ku America, Robert Butler, ananena kuti kunyoza munthu chifukwa cha msinkhu ndi tsankho lofanana ndi la khungu. Kwathu tsankho limeneli limayenda limodzi ndi ulemu wa pakamwa: yemwe timamugwadira masana kuti agogo ndi yemwe timamunong'ona usiku. Lamulo la 2014 lija limaletsa kuzunza, kusala ndi kutaya okalamba, koma mlandu wa kumudzi umathera kwa a nyakwawa ndi kwa asing'anga, kumene pepala la lamulolo silinafike.

Boma lili ndi thandizo lake. Linayamba mu 1990 ngati ndalama ya chakudya ya osauka a m'matauni, ndipo lero ndi PSSB, ndalama ya mwezi ndi mwezi ya mabanja ovutika, imene imayendetsedwa ndi INAS, bungwe la boma lothandiza ovutika, kudzera mwa anthu a m'mudzi momwemo otchedwa mapermanente. Ambiri mwa olandira ndi okalamba. Mlingo umene unakhazikitsidwa mu 2018 unali 540 metikali pamwezi kwa munthu wokhala yekha, kukwera mpaka 1,000 kwa banja la anthu asanu kapena kuposa. Ndi yochepa, si onse oyenera amene analembedwa, ndipo nkhani yakuti imachedwa miyezi yambiri yakhala ikumveka m'dziko lonse. N'zosadabwitsa kuti mu 2015, bungwe la HelpAge International litayerekeza moyo wa okalamba m'maiko 96, Mozambique inali pa nambala 94, Malawi pa 95.

Komabe musaipeputse ndalama imeneyi. Tsiku lolandira, taonani kumene imapita: sopo, mchere, kuchigayo, cholembera cha mdzukulu, waganyu wopalira mizere imene msana walephera, kakobiri ka chopereka kutchalitchi, ka chipepeso pamaliro. Ndi tinthu ting'onoting'ono, koma tonse timamubwezera munthu pamalo pa wopatsa. Amene amaponya kanthu m'mbale ya pamaliro amawerengedwa kuti alipo. Mdzukulu amene wagulidwa kope amatunga madzi mosanyinyirika. Ine ndikuona kuti penshoni ya wokalamba aliyense, yopanda kusankha kuti uyu ndi wosauka kuposa uyu, ingachite zambiri kuposa misonkhano yonse yolangiza achinyamata za ulemu. Lesotho, dziko laling'ono ndi losalemera, linayamba kupereka penshoni yotere kwa a zaka 70 mu 2004, ndipo Zanzibar inatsatira mu 2016. Kusankha kumabala nsanje m'mudzi mmene aliyense ndi wosauka, ndipo nsanje tikudziwa kumene imathera. Chigawo chimene chimatulutsa malasha, fodya ndi magetsi a ku Cahora Bassa sichiyenera kukhala ndi agogo ogona ndi njala.

Za chipatala ndingonena mwachidule. Zipatala zathu zazing'ono zinakonzedwa poganizira amayi oyembekezera, ana, malungo, TB ndi Edzi, ndipo mpake. Koma kuthamanga kwa magazi, shuga ndi nyamakazi zimafuna mankhwala a mwezi ndi mwezi, pamene wodwalayo sangayende makilomita 15. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi munthu n'kuonanso, koma agogo ambiri amakhala mumdima zaka, aliyense akuti ndi ukalamba, ndipo kamtsikana kamasiya sukulu kuti kaziwagwira ndodo.

Mwezi wa Juni ndinapita kukawaona anganga. Ndinawapeza pakhonde, miyendo atatambasula, akusankha nyemba pa lichero, zabwino mbali iyi, zofumbwa mbali iyo. Maso ayamba kuchita chifunga, ndiye amasankha ndi zala. Ndinawapatsa shuga, sopo ndi bulangete, poti ku Angónia miyezi imeneyi kumazizira kolowa m'mafupa. Anawomba m'manja, n'kuitana kamdzukulutuvi kuti kagwire nkhuku. Ndinati, "Anganga, musavutike, nkhukuyo isiyeni iziikira mazira." Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, wabwera kudzandiona kapena kudzandilira? Pakhomo panga mlendo sachoka chimanjamanja."

Ndinalandira ndi manja awiri. Anadzuka pogwira khoma, nandiperekeza ndi ndodo yawo mpaka pa mtengo wa mango, pamene amalekezera masiku ano. Ndili pafupi kukhota anandiitananso, kuti ndikawauze amayi asagule mbewu ya nyemba chaka chino, iwo asunga kale yokwanira makomo atatu.